Phunziro la Mwezi Uno: Mwana wa Kuseri kwa Mpanda

Abale athu a ku Chikweo ndi midzi ya m'mbali mwa nyanja ya Chiuta, mwezi uno tiphunzire pamodzi za cithunzi ca kanema cimene dzina lace ndi The Boy in the Striped Pyjamas, ndiko kunena mnyamata wa zobvala za mizeremizere. Anacikonza Mark Herman m'caka ca 2008, potsata buku la John Boyne wa ku Ireland limene linaturuka mu 2006. Nkhondo yace ndi yomwe ija ya 1939 kufikira 1945, imene makolo athu analembedwa usilikali ku Zomba, napita ku Abyssinia, ku Madagascar ndi ku Burma. Iwo anamenyana kutali ndi Ulaya, kumene Hitler ndi anthu ace a cipani ca Nazi analikuononga mtundu wa Ayuda.

Nkhaniyo iri motere. Bruno, mwana wa zaka 8, acoka ku Berlin ndi makolo ace, pakuti atate wace aikidwa mkuru wa ndende ya Ayuda. Posuzumira pazenera aona anthu a zobvala za mizeremizere, nayesa kuti ali alimi a pa munda waukuru. Tsiku lina azembera kuthengo, napeza mpanda wa waya, ndi kuseri kwace mnyamata wa msinkhu wace, dzina lace Shmuel. Apalana ubwenzi, ndipo Bruno amtengera cakudya mobisa. Koma pamene msilikali awapeza m'nyumba Shmuel alikudya, Bruno agwidwa ndi mantha, namkana bwenzi lace, ndipo Shmuel amenyedwa kolimba. Pofuna kukonza colakwa cace, Bruno akumba pansi pa mpanda, abvala zobvala zija, nalowa kukathandiza kufuna atate wa Shmuel. Awiriwo akusidwa pamodzi ndi khamu kulowa m'cipinda ca mpweya wakupha, nafa atagwirana manja.

Tsono dziwani kuti nkhaniyi iri yopeka. Ndende ya m'bukumo ndiyo Auschwitz, m'dziko la Poland. Mipanda yace inali ndi magetsi akupha, ndi alonda pa nsanja usana ndi usiku, kotero kuti ana awiri sakadatha kumaceza pamenepo masiku ambiri. Ana ngati 232,000 anatengedwa kunka kumeneko, ndipo ocuruka anaphedwa tsiku lomwelo lofika, popeza sakadakhoza kugwira nchito. Pamene asilikali a Soviet Union anatsegula ndendeyo pa 27 January 1945, anapeza ana amoyo ngati 700 okha.

Comwe tikaika koposa ndi kusadziwa kwa Bruno. Mwana sabadwa ndi udani, inde. Koma ana a ku Germany a masiku aja sanasiyidwe osaphunzitsidwa. Mu November 1938 ana a Ayuda anacotsedwa m'sukulu za Ajeremani. Kuyambira 1941 Myuda ali yense wa zaka 6 kapena kuposa anabvala nyenyezi yacikasu pa malaya. Ndipo mnyamata wofika zaka 10 analowa m'gulu la acinyamata a Hitler. Nanga mwana wa mkuru wa ndende akadalephera bwanji kuzindikira? Tiyesa kuti amene alozera zoona m'cithunzimo ndiye mlongo wace Gretel, wa zaka 12. Iye amvera mphunzitsi wao, ataya zidole zace, napacika zithunzi za cipani pa khoma la cipinda cace. Palibe amene anamkwapula kuti atero. Anangomva mau omwewo tsiku ndi tsiku kwa akuru amene anawakhulupirira, monga mwana wa kwathu atola mau a pa bwalo ndi a pa mtondo.

Penyaninso misozi ya pa mapeto. Amace a Bruno alira pa mpanda m'mvula, ndipo oonera alira nao. Koma cipinda cija cinali codzala ndi anthu, ndi utsi unalikukwera masiku onse aja mwanayo asanalowemo. Ngati mtima utiuza kuti Bruno anafa molakwika cifukwa sanali wa m'katimo, kodi tatero kuti Shmuel anayenera? Ayuda amene anaphedwa anali ngati 6 miliyoni, mwa iwo ana ngati miliyoni ndi theka; pamene anthu onse a Nyasaland, powerengedwa mu 1945, anangopitirira pang'ono 2 miliyoni.

Banja lotere linalipodi. Rudolf Höss, mkuru woyamba wa Auschwitz, anakhala ndi mkazi wace Hedwig ndi ana ao asanu m'nyumba yogundana ndi linga la ndende, yokhala ndi munda wa maluwa. Za iwo cinakonzedwa cithunzi cina mu 2023, The Zone of Interest. Palibe mwana wao anakwawa pansi pa mpanda, ndipo onse asanu anapulumuka nkhondoyo. Höss anaweruzidwa ku Poland, napacikidwa pa 16 April 1947 m'ndende momwemo, pafupi ndi nyumba ija.