Kujambula Kuwala kwa Kumpoto ndi Penti Wamadzi

Ku Tromsø m'dziko la Norway, ku Fairbanks ku Alaska ndi ku Yellowknife ku Canada, usiku wa pakati pa Seputembala ndi Malichi thambo limayaka popanda moto. Kuwala kobiriwira kumalendewera mlengalenga ngati chitenje choyanika chimene mphepo ikuchikupiza. Akatswiri amakutcha aurora borealis. Chithunzi chake mungachijambule pakhomo pamodzi ndi ana, masana amodzi okha. Lamulo lalikulu ndi ili: pa penti wamadzi, choyera sichipakidwa, chimasiyidwa. Kupatula nyenyezi, kuwala konse kumachokera ku pepala lenilenilo.

Zofunika kukonzeratu

Pezani pepala lokhuthala la penti wamadzi, makamaka la 300 gsm, chifukwa la m'kope limakwinyika likanyowa. Mufunikanso penti wachikasu, wobiriwira, wabuluu, wofiira ndi wakuda, komanso penti woyera wokhuthala pang'ono wa nyenyezi. Maburashi akhale awiri, yaikulu yophwatalala ndi yaing'ono yosongoka. Makapu amadzi akhalenso awiri, ina yotsukira burashi, ina ya madzi oyera. Zotsalazo zili kale m'nyumba: pensulo, tepi yapepala, kathabwa, kandulo yoyera, mchere, mswachi wakale ndi kansanza.

Mtundu uliwonse uli ndi malo ake

Dzuwa limaponya tizinthu tating'onoting'ono tokhala ndi mphamvu yamagetsi. Maginito a dziko lapansi amatilondolera chakumpoto ndi chakum'mwera kwenikweni, ndipo tikawomba mpweya wam'mwamba, mpweyawo umawala. Okosijeni wa pamtunda wa makilomita pafupifupi 100 mpaka 200 amatulutsa kuwala kobiriwira, kumene kumaoneka kawirikawiri. Kupitirira pamenepo, okosijeni yemweyo amawala mofiira. Nayitirojeni amapereka buluu ndi pepo, makamaka kumunsi. Choncho pojambula, kufiira kukhale pamwamba, kubiriwira pakati, kapepo m'mphepete mwa m'munsi. Mphepete ya m'munsiyo imaoneka yodulidwa bwino, pamene kumtunda kuwala kumazilala pang'onopang'ono.

Sankhani nyama ya kwawo

Chimbalangondo choyera chimakhala pamadzi oundana a kunyanja, monga ku Svalbard ndi ku Churchill m'mphepete mwa Hudson Bay, kumene zimbalangondozi zimasonkhana mu Okutobala ndi Novembala kudikira kuti nyanja iundane. Mukachisankha, musachizungulize ndi nkhalango. Mitengo ya paini ikhale ya mphalapala zimene anthu a mtundu wa Sámi amaweta kumpoto kwa Norway, Sweden ndi Finland. Mphalapalazi, zazimuna ndi zazikazi zomwe, zimamera nyanga. Nkhandwe ya kumeneko imayera nthawi yozizira, n'kuderako nthawi yotentha. Ana akapempha penguin, auzeni kuti mbalameyi ndi ya kum'mwera kwa dziko lapansi, ndipo kutchire sinaonanepo ndi chimbalangondo choyera.

Kajambulidwe kake

1. Matani pepala pakathabwa ndi tepi mbali zonse zinayi. Ndi pensulo, mopepuza dzanja, lembani mzere wolekanitsa thambo ndi nthaka. Thambo litenge magawo awiri mwa atatu a pepala.

2. Pano tasankha chimbalangondo. Chilembeni chitaima pamzerewo: khosi lalitali, mutu waung'ono, timakutu tozungulira, ndi chiuno chokwera kuposa mapewa. Pa nthaka, khwekhwerezani kandulo m'malo angapo. Penti sagwira pa phula, ndiye pamenepo padzanyezimira ngati chipale chofewa. Pa nyamayo musaikepo kandulo, chifukwa mudzalephera kupakapo mithunzi.

3. Nyowetsani thambo lonse ndi madzi oyera, koma muzilambalala chimbalangondo. Penti wamadzi amayenda pamene panyowa pokha, ndiye pouma adzaima yekha pamalire. Pepala linyezimire, koma madzi asachite chithaphwi.

4. Pepala lidakali lonyowa, kokani mizere iwiri kapena itatu yokhotakhota ya penti wachikasu wosakaniza ndi wobiriwira pang'ono. Pakati pa mzere uliwonse siyanipo pepala loyera, poti m'pamene pali mtima wa kuwalako. Dontholetsani kofiira pamwamba ndi kapepo m'munsi. Pepo mumupeza posakaniza wofiira ndi wabuluu. Wofiira asalowerere kwambiri mu wobiriwira, chifukwa awiriwa akasakanikirana amabala mtundu wa matope.

5. Dzazani mipata yotsala ndi buluu, wopepuka pafupi ndi kuwala, wakuda kwambiri kumakona. Musaope mdima. Nyali sioneka masana, ndiponso penti wamadzi amazilala akauma. Kenako pendeketsani thabwa, kumutu kwa chithunzi kuloze pansi, kuti penti ayenderere chakumwamba. Ndi burashi yotsuka ndi yofinya pakansanza, kokani timizere tochoka m'munsi mwa kuwala kupita kumwamba, ngati mapindo a nsalu.

6. Kunyezimira kwa madzi kukayamba kuchepa, wazani timchere tochepa pamalo akuda. Mchere umayamwa madzi n'kusiya timaluwa toyera ngati chisanu. Mukathira pepala lili chonyoweratu umangosungunuka, ndipo likauma sugwira ntchito.

7. Apa ikani burashi pansi. Zithunzi zambiri zimawonongeka chifukwa cha dzanja losakhazikika, lofuna kukonza pamene payamba kale kuuma. Kaphikeni tiyi. Pepala likauma gwa, sasani mchere ndi chala.

8. Phimbani nyama ndi nthaka ndi kapepala. Viikani mswachi mu penti woyera, n'kukanda ndi chala chachikulu kuti timadontho tiwazikire kuthambo. Yesani kaye pa pepala lina, kuti nyenyezi zisakule ngati mazira.

9. Malizani ndi chimbalangondo. Ubweya wake umaoneka woyera mosakanikirana ndi kachikasu, ngakhale kuti khungu lake ndi lakuda. Pakani buluu wosungunula kwambiri kumimba, kunsi kwa khosi ndi kumiyendo ya mbali yakutali. Pamsana pakhale kobiriwira kochepetsetsa, kosonyeza kuwala kochokera kumwamba. Mthunzi wake pansi ukhale wabuluu kapena wapepo, osati wakuda. Wakuda ndi wa mphuno ndi diso basi.

Nyengo yotentha jambulirani pamthunzi, m'mawa, apo ayi pepala liuma musanamalize thambo. Mwana wamng'ono m'patseni ntchito ya mchere ndi nyenyezi, wamkulu agwire ya nyama.

Zonse zikauma, matulani tepi pang'onopang'ono, mukukokera kunja kuti pepala lisang'ambike. Kenako imikani chithunzicho pakhoma, bwererani m'mbuyo masitepe atatu, n'kufunsa ana kuti pakuwala koposa ndi pati. Adzaloza pa ubweya woyera wa chimbalangondo ndi pakati pa mizere yobiriwira ija, malo amene burashi sinafikepo.