Phunziro: Kutentha kwa Dziko ndi Anamondwe

Kuwerenga: Genesis 2:15, Genesis 41:33-36

Amayi anzanga m'Chigwirizano, pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lathu lili pa tsoka la chilala. Chimanga cha mahekitala pafupifupi 1 miliyoni chinauma m'minda. Madzi a ku Kariba anaphwa, ndipo pofika September chaka chomwecho nyumba zambiri kuno ku Lilayi, ku Kabwata ndi ku Chelstone zinkakhala zopanda malaiti mpaka maola 21 pa tsiku. Koma mu March 2023 abale athu a ku Malawi anali atalira chifukwa cha madzi ochuluka. Kodi nyengo yatani?

Tiyambe ndi mpweya. Dzuwa likawomba nthaka, kutentha kwina kumabwerera kumwamba. Mumlengalenga muli mpweya wotchedwa carbon dioxide umene umagwira kutenthako monga bulangete. Bulangeteli n'lofunika, pakuti popanda ilo dziko likanazizira koopsa. Vuto n'lakuti anthu talikhuthalitsa. Tikatentha petulo, dizilo ndi malasha okumba pansi monga a ku Maamba, mpweyawu umachuluka. Mitengo imaumwa, koma tikuidula. Mafakitale asanayambe, mpweyawu unali magawo 280 pa magawo 1 miliyoni a mpweya wonse. Lero wapitirira 420. Chaka cha 2024 chinatentha kuposa zaka zonse za m'mbuyo mwake zimene anthu anayeza.

Nanga namondwe amalowa bwanji m'nkhaniyi? Namondwe amabadwira pa nyanja yaikulu, pamene madzi afunda kufika madigiri 26 kapena 27. Nthunzi ndiyo chakudya chake. Mpweya ukafunda ndi digiri imodzi umanyamula chinyontho choonjezera magawo 7 pa 100 alionse, ndipo chinyonthocho chimagwa ngati mvula. Idai anawononga Beira mu March 2019 ndi kupha anthu oposa 1,000 m'Mozambique, Zimbabwe ndi Malawi. Freddy anakhala masabata opitirira 5 asanathe, ndipo matope a m'phiri la Soche anakwirira nyumba ku Chilobwe mu Blantyre. Ambiri a ife tili ndi achibale kumeneko.

Pano tisathamange, amayi. Ana anga a sukulu amakonda kuyankha funso lililonse kuti “kusintha kwa nyengo,” ndipo sindiwapatsa malikisi. Akatswiri sanena kuti anamondwe akuchuluka chiwerengero. Chimene akunena n'chakuti amene akubwera akhoza kukhala amphamvu ndi amvula yambiri. Chilala cha 2024 nachonso chinadza makamaka ndi El Niño, kufunda kwa madzi a nyanja ya Pacific kumene kwakhala kukubwera kuyambira kale. Koma chilala chogwa pa nthaka yotentha kale chimaluma kwambiri.

Mwina mufunsa kuti, “Ife tinalakwa chiyani?” Funsolo n'loyenera. Africa yonse imatulutsa kagawo kochepa chabe ka mpweyawu; wambiri umachokera ku China, America ndi Ulaya. Komabe onani mmene zinatizungulira mu 2024: malaiti atapita tonse tinathamangira mbaula, ndipo malole a malasha anadzaza msewu wa ku Chongwe. Sindiweruza mayi wophikira ana ake, kapena wowotcha malasha wofuna fizi ya mwana. Koma Adamu anaikidwa m'munda kuti aulime ndi kuusunga, ndipo Yosefe anasunga tirigu njala isanafike.

Kambiranani m'magulu anu:

1. Ndani mwa inu amanyika nyemba usiku kuti zipse msanga ndi malasha ochepa? Ndani anayesako mbaula yomata dothi kapena gasi? Auzeni anzanu mtengo wake.

2. Achibale a kumudzi akapempha mbewu, kodi tingawatumizirenso mapira, chinangwa kapena chimanga chocha msanga?

3. Pa malo a tchalitchi chathu pangadzalidwe mitengo ingati mvula ikayamba, ndipo adzaithirira ndani mu October?