Phunziro la Amayi: Kuphika Nkhuku Yokalamba ndi Mango pa Moto Wochepa

Anthu a ku Chia, m'mbali mwa nyanja yaing'ono ija imene ili pa mtunda wa makilomita ngati 24 kumwera kwa boma la Nkhotakota, sasowa ndiwo za nsomba. Koma nkhuku imaphedwa kamodzikamodzi, ndipo kawirikawiri imene imagwidwa ndi thadzi losiya kuikira kapena tambala wokalamba, pakuti palibe mayi wanzeru angaphe msoti umene uli pafupi kuikira. Nkhuku yachikuda yotere imakoma kupambana ya chizungu, koma nyama yake ndi yolimba. Amayi ambiri amalimbana nayo posonkhezera moto waukulu ndi kuwonjezera madzi kawiri katatu, kufikira mtolo wa nkhuni watha, nyama ikali yovuta kutafuna.

Kodi cholakwa chili pati? M'nyama ya nkhuku yokalamba muli mitsempha yoyera yambiri, imene akatswiri amaitcha collagen. Mitsemphayi siimvera ukali wa moto, imamvera nthawi. Madzi akawira safika popitirira madigiri 100, ngakhale munthu asonkhezere chikuni chachikulu chotani. Nkhuni zowonjezazo zimangosandutsa madzi nthunzi. Koma nyama ikakhala m'madzi otentha madigiri ngati 80 kwa maola angapo, mitsempha ija imasungunuka, nkusanduka chinthu chonanda chimene chimaumitsa msuzi wogona usiku. Pamenepo nyama imasiyana yokha ndi fupa.

Ayuda a ku Lithuania anazindikira zimenezi kalekale. Popeza chilamulo chawo chimaletsa kukoleza moto pa Sabata, ankaika mphika wa nyama ndi nyemba m'uvuni wa wophika buledi Lachisanu madzulo, nkukautenga mawa lake zonse zitapsa ndi kutentha kotsalira. Irving Naxon wa ku Chicago, atamva nkhaniyi kwa mayi ake, anapanga mphika wa magetsi wophika pang'onopang'ono, nalandira chikalata cha umwini wake mu 1940. Kuyambira 1971 mphikawo unagulitsidwa ndi dzina lakuti Crock-Pot. Amene ali nawo aphike nkhuku maola 6 kufikira 8 pa moto wake wochepa. Koma magetsi akazima pakati, asamutsire ndiwozo pa mbaula msanga.

Tsono mayi wa ku Chia sasowa kudikira magetsi, pakuti chimene chifunika chimatayidwa pa chigayo chilichonse cha mpunga: mankhusu. Atenge dengu lalikulu, athire mankhusu ouma pansi kufikira muyeso wa chikhato, asoke timapilo ta nsanza todzaza mankhusu tozinga m'mbali, ndi pilo wina wokhuthala wovundikira pamwamba. Mankhusu sapanga kutentha, amangoletsa kuti kusathawe. Mphika wa dothi ndiwo woyenera, chifukwa umazizira mochedwa. Ukhale ndi chivundikiro chokhala bwino, ndiponso ukhale wodzaza, popeza mphika wa theka umazizira msanga.

Za chipatso m'ndiwo ena adzachita nazo manyazi, nati mango ndi a ana. Komatu mango ndi mpunga si zachilendo kwa anthu a m'mbali mwa nyanja. Mango kwawo ndi ku India, ndipo anafika kuno kudzera ku gombe la kum'mawa. A Jumbe, Aswahili amene anakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840, ndiwo anakulitsa ulimi wa mpunga m'madambo a kuno. Ku gombe kuja kuphika nyama ndi zipatso zowawasa ndi mwambo wakale. Kuwawasa kwa mango kumachepetsa kunona kwa mafuta a thadzi, kutsekemera kwake kumayanjana ndi tsabola, ndipo mnofu wake umalimbitsa msuzi popanda ufa. Kuyambira November kufikira January mango amaolera pansi pa mitengo. Kuika awiri m'mphika si kuwononga.

Kaphikidwe kake nkotere. Mayi adule nkhuku nthuli zazikulu, azipake mchere, madzi a ndimu limodzi, adyo ndi jinja wosinja. Azikazinge pang'ono m'mafuta kufikira zitafiira kunja, aike anyezi awiri, matimati atatu, ndi kambuzi mmodzi wosadula kuti achotsedwe pambuyo pake ngati pali ana. Asende mango awiri akuluakulu ongoyamba kupsa, achikasu koma olimba. Mango aang'ono aulusi sayenera, chifukwa ulusi wake susungunuka. Limodzi alidule ndi kuliika tsopano, linalo alisunge. Athire madzi ongofika pamwamba pa nyama, avundikire, ndipo mphika uwire ndithu kwa mphindi 30, kuti kutentha kulowe mpaka pa fupa. Pomwepo auphule osavundukula, auike m'dengu, atseke ndi pilo. Papite maola 4 asanatsegule. Pa nthawi yonseyo angathe kupita kumunda kapena ku msika wa nsomba wa pa mlatho, moto utazima pa mafuwa.

Amene ali ndi chinanazi kapena papaya wamuwisi adziwe kuti zipatso ziwirizi zili ndi mphamvu ina: madzi ake amadya nyama yaiwisi nkuifewetsa. Tambala wolimba kwambiri aviikidwe m'madzi a chinanazi ola limodzi asanaphikidwe. Kupitirira apo nyama imabunyuka ngati phala, ndipo palibe angaiyamikire.

Pali chinthu chimodzi choopsa chimene mayi asachinyoze. Tizilombo totsegula m'mimba timaswana kwambiri m'chakudya chofunda chabe, chotentha pakati pa madigiri 5 ndi 60. Chifukwa chake dengu lisatsegulidwe pofuna kusuzumira, ndipo potulutsa mphika uyenera kukhala wotentha kosagwirika ndi dzanja. Ngakhale utero, aubwezere pa moto uwirenso mphindi 10. Nyama isagone m'dengu usiku wonse, ndiponso nkhuku yofa yokha ndi chitopa kapena nthenda ina isalowe m'mphika konse.

Mphika utawiranso, mayi avuule nthuli, achotse mafupa ndi khungu, anyotsole nyama ndi mafoloko awiri ikhale tizidutswa tating'ono. Aibwezere m'msuzi pamodzi ndi bango lachiwiri lija lodulidwa timagawo, ziwire mphindi 5, nkulawa mchere. Zimayenera kwambiri ndi mpunga wa Kilombero kapena Faya, ngakhale ndi kondowole sizikanika.

Kunyotsolako kuli ndi malire ake. Nkhuku yophera mlendo kapena apongozi iyenera kufika m'mbale ndi ziwalo zake zooneka, nthutumba ili pamwamba, pakuti mlendo akapanda kuiona amayesa kuti wapatsidwa makombo. Pamenepo mayi aphike m'dengu momwemo, koma asanyotsole. Nkhuku yonyotsola ndi ya pa banja. Pogawa nthuli, bambo amalandira ntchafu ndi chidali, mwana wamng'ono amatsala ndi khosi kapena mapazi, agogo opanda mano amangomwera msuzi. Koma thadzi limodzi likanyotsoledwa nkusakanizika ndi mango, limakwanira anthu 8, ndipo chipande chilichonse chimatunga nyama yofanana. Nthutumba ndi chiwindi mayi angazipatule asananyotsole, kuti mwini nyumba asadandaule.