Bwanji amasakaniza silicon ndi zinthu zina?

Funso: Aphunzitsi athu akuti silicon wa mu sola ndi m'foni amamusakaniza dala ndi zinthu zina kuti magetsi azidutsa bwino. Zimenezi zimatheka bwanji?
Wophunzira wa Fomu 4, Dedza

Yankho: Aphunzitsi anuwo akunena zoona. Atomu iliyonse ya silicon ili ndi maelekitironi 4 akunja, ndipo onsewo amakhala atagwirana ndi a maatomu oyandikana nayo. Oyenda momasuka ndi ochepa zedi, motero magetsi amadutsa movutikira.

Akathiramo phosphorus, amene ali ndi maelekitironi 5 akunja, yachisanuyo imasowa pogwira n'kumangoyendayenda. Ameneyu ndiye silicon wa mtundu wa n. Boron ali ndi 3 okha, choncho amasiya mpata. Elekitironi yapafupi ikalowa mumpatamo imasiya wina kumene yachokera, monga mmene malo amasunthira anthu akamasendera pabenchi. Umenewu ndi mtundu wa p.

Chimene chimandidabwitsa ine ndi kuchepa kwa zothirazo. Atomu imodzi ya phosphorus pa maatomu 1,000,000 a silicon imachulukitsa maelekitironi oyenda kuwirikiza mamiliyoni.

Pamene n ndi p akumana, magetsi amadutsa mosavuta mbali imodzi yokha. Russell Ohl anatulukira malire amenewa ku Bell Labs mu 1940, ndipo malirewo ndi amene amachititsa kuti sola ipange magetsi dzuwa likawala.