Mipikisano ya Liŵiro la Mtunda Wautali: Ntchito ya Othamanga ndi ya Oima Panjira

Chaka ndi chaka, m'nyengo yachisanu, anthu ambiri amasonkhana pa Likhubula, m'tsinde mwa phiri la Mulanje, kudzaonerera mpikisano wa liŵiro wotchedwa Porters Race. Mpikisanowu unayamba m'zaka za m'ma 1990, ndipo poyamba unali wa anyamata onyamula katundu ndi operekeza alendo okwera phiri. Masiku ano amuna ndi akazi a ntchito zosiyanasiyana amaloŵa nawo, ena ochokera kunja kwa dziko lino. Othamanga amanyamuka pa Likhubula, nakwera kumka ku Chambe, nadutsa pamwamba mpaka ku Lichenya, natsikanso kubwerera kumene anayambira. Mtunda wake ndi wopitirira makilomita 20, koma ndi makilomita a miyala, mizu ndi zitunda zofuna kuti munthu agwire ndi manja omwe. Akatswiri amatsiriza ulendowo pasanathe maola atatu, pamene ena ambiri amakhala m'phirimo nthaŵi yotalikirapo kwabasi.

Pa tsiku lotero maso a anthu amakhala pa amene wafika poyamba. Komatu kuti onse amene ananyamuka abwerere kwawo ali moyo, zimadalira kwambiri anthu ena amene sawomberedwa m'manja: odzipereka amene amasenza madzi, oima pamphambano kulozera njira, ndi onyamula machira. Zimenezi nzoona pa Mulanje, ndiponso nzoona pa mpikisano wa ana a sukulu, wa mpingo kapena wa njinga umene ungakonzedwe pa boma kapena m'mudzi uliwonse. Phunziro lino likunena za magulu onse aŵiri, koma makamaka za oima panjira.

Ayambe afika kuchipatala

Kuthamanga nkwabwino. Kumalimbitsa mtima ndi mapapo, ndipo kumathandiza kupeŵa matenda a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi. Koma mpikisano si malo oyeserapo thupi lodwala. Munthu amene amamva kuŵaŵa pachifuwa kapena kubanika akamakwera chitunda, amene anakomokapo akugwira ntchito yolemetsa, amene ali ndi matenda a mtima, a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi, ayenera kuonana ndi a chipatala asanalembetse dzina. Kupimitsa kuthamanga kwa magazi sikutenga mphindi zisanu, ndipo anthu ambiri a nthendayi sadziŵa kuti ali nayo.

Amene thupi latentha, amene ali pa mankhwala a malungo, kapena amene watsekula m'mimba masiku apitawo, asathamange konse, ngakhale atakhala kuti analipira kale. Thupi lake lataya kale madzi ndipo latentha kale. Liŵiro limangowonjezera nkhuni pamoto.

Kukonzekera kumafuna miyezi, osati sabata imodzi. Munthu ayambe ndi kuyenda ndawala, kenaka kuthamanga pang'ono, nawonjezera mtunda pang'onopang'ono sabata ndi sabata, osaiŵala masiku opuma. Mlimi wozoloŵera khasu kapena mayi wozoloŵera kusenza nkhuni ali nazo mphamvu ndithu, koma kutsika phiri mothamanga kumapweteka maondo ndi ntchafu mwa njira ina. Nsapato zikhale zozoloŵereka. Zatsopano zimatulutsa matuza. Chakudya cha dzulo lake chikhale chanthaŵi zonse, monga nsima, mpunga kapena mbatata, ndipo m'maŵa mwake phala kapena nthochi nzokwanira, kutatsala maola aŵiri kapena atatu. Moŵa ayi.

Pali chizoloŵezi china choipa chofunika kuchitchula. Ena amamwa mankhwala opha ululu, monga bulufeni, asananyamuke, ati kuti asamve kuŵaŵa panjira. Pamene munthu akuthamanga, magazi opita ku impso amachepa, ndipo mankhwala a mtundu umenewu amawachepetsanso. Impso zikhoza kuvulala. Kuwonjezera apo, ululu ndi mthenga. Wotseka pakamwa mthengayo amapitiriza kuthamanga pa mwendo wobinya.

Pa tebulo la madzi

Pano mpamene wodzipereka angathe kuthandiza anthu zana limodzi, kapena kuwadwalitsa onsewo m'maŵa umodzi. Mliri wa kolera umene unayamba m'chaka cha 2022 nupitirira mu 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'Malaŵi muno. Tizilombo ta kolera, ta kamwazi ndi ta taifodi timayenda m'madzi ndi m'manja, ndipo pamene pali khamu la anthu aludzu mpamene timapeza njira yapafupi.

Madzi a othamanga atungidwe pa mjigo kapena pa mpopi, nathiridwe mankhwala a klorini. Mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo ndiye adziŵa muyeso wake, ndipo aitanidwe pamene komiti ikuyamba kukonza za mpikisano, osati dzulo lake. Mankhwala akathiridwa, padutse mphindi 30 munthu asanamwe. Madzi a mumtsinje wa m'phiri amaoneka oyera ngati galasi, koma kuyera kwa m'maso sikutanthauza kuti mulibe tizilombo, makamaka pa tsiku limene anthu ambiri adutsa kumtunda kwake. Nawonso athiridwe mankhwala kapena aŵiritsidwe.

Chidebe chabwino ndi chovundikira, chokhala ndi mpopi m'munsi. Ngati palibe, pakhale kapu imodzi ya chogwirira chachitali yotungira, yogwiridwa ndi munthu mmodzi yekha wosamba m'manja ndi sopo, ndipo iyeyo azithira m'makapu a omwera. Wothamanga asaviike dzanja kapena botolo lake m'ndowa. Cholakwa chofala koposa ndi ichi: makapu akachepa, wodzipereka amatola kapu yomwera wina, naitsukuluza m'beseni la madzi omwe aja, naipatsa wotsatira. Pofika munthu wa makumi asanu, beseni lija lasanduka msuzi wa malovu ndi dothi. Makapu obwereza atsukidwe ndi sopo, natsukuluzidwe m'madzi a mankhwala amene akusinthidwa kaŵirikaŵiri. Koma chabwino koposa nchakuti wothamanga aliyense anyamule botolo lake, wodzipereka nkumangothiramo.

Wodzipereka amene akutsekula m'mimba, kapena amene ali ndi bala la mafinya kudzanja, apatsidwe ntchito yolozera njira, osati ya madzi. Nthochi ziperekedwe ndi makoko ake. Malalanje adulidwe ndi mpeni woyera pa mbale yovundikira, osati pa mwala.

Zimbudzi nazo ndi ntchito ya odzipereka, ngakhale kuti palibe amene amaikonda. Poyambira ndi potsirizira pakhale zimbudzi zokwanira, za amuna pazokha ndi za akazi pazokha, ndi posambira m'manja. Wopanikizika panjira apatuke kutali ndi mtsinje, akumbe kadzenje, nakwirire. Mtsinje wa Likhubula umamwetsa midzi ya kumunsi kwake, ndipo ena a madzi ake amatengedwa ndi mapaipi kumka ku Blantyre.

Madzi angachepe, madzi angachulukenso

Munthu wothamanga padzuŵa akhoza kutaya lita imodzi ya thukuta pa ola, ena kuposa pamenepo. M'thukuta muli madzi ndi mchere. Madzi akachepa m'thupi, pamakhala ludzu lalikulu, kuuma m'kamwa, chizungulire ndi mkodzo wochepa wachikasu kwambiri. Zimenezi anthu ambiri amazidziŵa.

Chimene sichidziŵika kwenikweni nchakuti madzi ochuluka nawonso amapha. Ku South Africa kuli mpikisano wa Comrades, wa makilomita pafupifupi 90 pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, umene unayamba mu 1921. M'chaka cha 1981 mayi wina anasokonezeka mutu ali m'kati mwa mpikisanowo, nakomoka, ndipo kuchipatala anapeza kuti mchere wa m'magazi ake unali utachepa koopsa. Dokotala Tim Noakes wa ku Cape Town ndi anzake anafotokoza za vutoli mu 1985: munthu akamwa madzi ambiri koposa amene thupi likutaya, magazi amasukuluka, madzi amaloŵa m'bongo, ndipo bongo umatupa. Kaŵirikaŵiri vutoli limagwira othamanga pang'onopang'ono, amene amakhala panjira maola ambiri akumwa pa tebulo lililonse poopa kuuma.

Tsono lamulo lake nlapafupi: wothamanga amwe pamene wamva ludzu, pang'onopang'ono, ndipo wodzipereka asakakamize munthu kumwa. Mtima wachifundo umafuna kuthira kapu ina ndi inanso, koma chifundo chotero chikhoza kuvulaza. Pa mpikisano wa maola ambiri pakhalenso tizakudya tamchere ndi madzi a Thanzi, paketi imodzi pa lita imodzi. Ngati Thanzi palibe, masipuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere zisungunulidwe mu lita imodzi ya madzi abwino. Komabe ngakhale madzi ameneŵa sayenera kumwedwa mopitirira ludzu.

Munthu akagwa

Ambiri amene amagwa atangodutsa potsirizira sali pangozi. Miyendo ikaleka kuthamanga mwadzidzidzi, magazi amatsalira m'munsi, ndipo mutu umachita chizungulire. Wotere agonekedwe chagada pamthunzi, miyendo itakwezedwa, ndipo pakapita mphindi zoŵerengeka amatsitsimuka nalankhula zanzeru. Chifukwa chake nkwabwino kuti wofika ayendeyende pang'ono asanakhale pansi.

Wogwa m'kati mwa njira, kapena aliyense amene nzeru zasokonekera, ndiye wofuna changu. Wodzipereka amufunse dzina lake ndi kumene ali. Ngati akudzandira, akubwebweta, akulusa popanda chifukwa, kapena sakuyankha bwino, asaloledwe kupitiriza, ngakhale atakana motani. Pomwepo munthu mmodzi aitanitse thandizo, wina ayang'ane ngati akupuma. Ngati sakuyankha ndiponso sakupuma, agonekedwe chagada pamalo olimba, ndipo wina akanikize pakati pa chifuwa mwamphamvu ndi manja onse aŵiri, ka 100 mpaka ka 120 pa mphindi, osaleka kufikira a chipatala atafika. Ngati akupuma koma sakudziŵa kanthu, agonekedwe cham'mbali kuti asatsamwe ndi masanzi, ndipo asathiridwe kanthu kalikonse m'kamwa.

Kenaka wodzipereka apise dzanja m'malaya, akhudze chifuwa, naganizire za nyengo ya tsikulo.

Ngati thupi lili moto ndipo munthuyo anali pa liŵiro lamphamvu, ndiye kuti kutentha kwa m'kati mwake kwafika kapena kwapitirira madigiri 40. Akhoza kukhala akutulukabe thukuta. Zimenezo zisanyenge munthu. Mankhwala ake ndi madzi ozizira, nthaŵi yomweyo, pamalo pomwepo. Avulidwe zovala zothina, aviikidwe m'madzi mpaka m'khosi wina atagwira mutu, ngati pali dziŵe losaya pafupi. Ngati palibe, athiridwe madzi thupi lonse, akupizidwe, nakutidwe ndi zitenje zonyowa zosinthidwa kaŵirikaŵiri. Panado sathandiza pa kutentha kotere. Theka la ola loyamba ndilo limagamula, kotero kuti kumnyamula ali wotentha ulendo wa maola aŵiri kutsika phiri ndi kutaya nthaŵi yopulumutsira moyo. Ayambe wazizidwa, kenaka anyamulidwe, ndipo apite kuchipatala ngakhale ataoneka kuti wachira.

Ngati thupi silinatenthe, koma zala zatupa, m'mimba mwadzaza, mutu ukuŵaŵa, akusanza, ndipo anzake akuti wakhala akumwa panjira ponse, wodzipereka aganizire za madzi ochuluka aja. Asapatsidwenso madzi. Apite naye kuchipatala msanga, ndipo operekeza anene momveka kuchuluka kwa madzi amene wamwa, kuti a chipatala adziŵe asanamuike dilipi.

Ngati thupi lazizira, akunjenjemera ndipo lilime likulemera, ndicho chisanu. Ambiri saganiza kuti wothamanga angafe ndi kuzizira, koma pa 22 May 2021, m'chigawo cha Gansu ku China, mphepo, mvula ndi matalala zinagwera othamanga 172 pa mpikisano wa makilomita 100 m'mapiri, ndipo 21 anafa. Ambiri anali atavala makabudula ndi malaya opepuka. Mbusa wina wa nkhosa anapulumutsa asanu ndi mmodzi powaloŵetsa m'phanga nkuwasonkhera moto. Phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, limadziŵika ndi nkhungu ndi mvula yachiperoni m'miyezi ya June ndi July, ndipo wothamanga wonyowa ndi thukuta amene wabinya mwendo nakhala pansi amazizidwa mofulumira. Avulidwe zonyowa, ayalidwe kanthu pansi, afunditsidwe mpaka kumutu, ndipo ngati ali maso apatsidwe tiyi wotentha wa shuga. Kachasu amachititsa munthu kumva ngati wafundidwa, pamene akutulutsa kutentha kotsalako. Motero oima pamalo okwera asapite ndi madzi okha. Anyamulenso mabulangete, chipepala cha pulasitiki chotchingira mvula, machesi, ndi foni yodzaza moto. Iwo eni avale zofunda, pakuti woima malo amodzi maola asanu amazizidwa koposa wothamanga.

Zonsezi zimafuna kuphunzira ndi manja. Bungwe la Red Cross limaphunzitsa chithandizo choyamba, ndipo komiti ya mpikisano ichita bwino kupempha maphunziro otero nthaŵi ikadalipo. Chipatala chapafupi chidziŵitsidwe tsiku ndi ola, ndipo galimoto lonyamula wodwala likhale lodziŵika, dalaivala wake ali pomwepo.

Ntchito ya wotsalira m'mbuyo

Pa malo alionse oimapo pakhale munthu wolemba manambala a odutsa. Wosiyira panjira anene kwa wolembayo, asangopatuka kumka kwawo, chifukwa anthu adzagona m'phiri kufunafuna munthu amene ali pa nsima kunyumba. M'mbuyo mwa wothamanga wotsiriza muziyenda odzipereka aŵiri amphamvu odziŵa njira, ndipo tebulo lililonse lisachotsedwe iwoŵa asanadutse. Ndiwonso amatola mabotolo ndi mapepala, nazimitsa moto uliwonse umene unasonkhedwa.

Kuŵaŵa kwa ntchafu masiku aŵiri kapena atatu pambuyo pa mpikisano nkwachibadwa. Matuza atsukidwe ndi sopo ndi madzi abwino, namangidwe ndi kansalu koyera. Asaboolede ndi minga. Koma wothamanga akaona mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, kapena akaona kuti tsiku latha osakodza bwino ngakhale akumwa, apite kuchipatala tsiku lomwelo, pakuti ndicho chizindikiro chakuti minofu yaphwanyika ndipo zotuluka m'menemo zikutseka impso. Pofika kumeneko anene kuti anathamanga mtunda wotani, ndiponso atchule mankhwala alionse amene anamwa.