Musamumasule wodwala chifukwa cha ALT imodzi

Inu amene mwangotuluka kumene ku koleji ndipo mwapatsidwa kachipinda kanu koonera odwala, pali pepala lina lochokera ku labu limene lingakusokeretseni mukapanda kulichenjerera. Ndi la munthu amene wapezeka ndi kachilombo ka hepatitis B koma sakumva kuwawa paliponse. Mwina ndi mnyamata amene anakapereka magazi ku Malawi Blood Transfusion Service n'kuuzidwa kuti akaonane ndi dokotala, mwina ndi mayi woyembekezera amene amuyeza kusikelo. Maso ake ndi oyera, chikasu alibe, nsima akudya bwino, wabwera yekha pa njinga. Pepala likuti ALT ndi 34, pamene malire a labu ali pa 40. Pakamwa pamafuna kunena kuti, "Palibe vuto apa, pitani kunyumba." Ana anga, mawu amenewo musafulumire nawo.

ALT ndi AST zimakhala m'kati mwa maselo a chiwindi, ndipo zimachuluka m'magazi pamene maselowo akuwonongeka. Kachilombo ka hepatitis B pakokha sikapha maselo kwenikweni. Chimene chimavulaza chiwindi ndi chitetezo cha m'thupi la mwiniwake, pamene chikusakasaka maselo amene kachilomboko kabisalamo. Choncho ALT imangokuuzani zimene zikuchitika masiku ano. Ili ngati utsi wa moto wa kutchire: umati tolotolo udzu ukamapsa, koma pa lupsa sipafuka utsi ngakhale kuti zonse zinapserera. Munthu amene chiwindi chake chadzaza zipsera n'kuuma gwa akhoza kukubweretserani ALT yooneka bwinobwino.

Anthu ambiri kwathu kuno kachilomboka anakatenga ali makanda kapena ali ana aang'ono. Mwa ana 10 alionse amene akatenga pobadwa, pafupifupi 9 amakhala nako mpaka kukula, pamene mwa akuluakulu 100 amene akatenga atakula, osakwana 5 ndi amene kamawakhazikika m'thupi. Mwana wotere amatha zaka zambiri kachilombo kali kochuluka m'magazi koma ALT ili phee. Kenako thupi limayamba kulimbana nako, ALT n'kumakwera ndi kutsika, mwezi uno 90, pakapita miyezi inayi 28, chaka chamawa 70. Kukwera kulikonse kumasiya chipsera. Mukamuyeza tsiku limene yatsika, mudzamutcha wabwinobwino munthu amene chiwindi chake chikutha.

N'chifukwa chake bungwe la WHO, m'malangizo ake a 2024, linaika malire a ALT pa 30 kwa amuna ndi 19 kwa akazi, osati 40 amene mapepala ambiri a labu amasindikiza. Linanenanso kuti ALT ikapezeka pamwamba pa malirewo kawiri m'miyezi 6 mpaka 12, ndiye kuti kukwerako n'kokhazikika. Ndiye muitaneninso munthuyo, mumuyezenso. Ndipo lembani zotsatira zonse m'kabuku kake ka kuchipatala, ndi tsiku lake, m'zilembo zowerengeka. Inu mawa adzakusamutsirani ku boma lina, kaundula wa labu adzasowa, koma kabuku kaja kamayenda ndi mwiniwake. Mnzanu amene adzamuone pakatha zaka zitatu adzaona mzere wa manambala, ndipo mzerewo ndi umene umanena zoona.

Tsono zipserazo tizidziwa bwanji, poti makina a FibroScan sapezeka m'zipatala zathu zambiri? Yang'anani ma platelet. Chiwindi chikamauma, magazi ochokera m'matumbo amavutika kudutsamo, kapamba amatupa n'kumasunga ma platelet, ndipo chiwerengero chawo chimatsika pang'onopang'ono munthu asanayambe kudwala. Apa ndi pamene pamabwera APRI, imene mungathe kuwerengera kuseri kwa pepala la labu lomwelo. Tengani AST, gawani ndi 40, zimene mwapezazo gawaninso ndi chiwerengero cha ma platelet, kenako chulukitsani ndi 100. Munthu wa AST 36 ndi ma platelet 120 ali ndi APRI ya 0.75. Manambala ake onse a chiwindi ali m'munsi mwa malire a labu, komabe malinga ndi WHO, APRI yoposa 0.5 ikusonyeza kuti zipsera zafika poti munthu ayambe mankhwala, ndipo yoposa 1 ikutichenjeza za chiwindi chouma. Malangizo akale a 2015 ankadikira kuti APRI ipose 2, ndipo kafukufuku wa odwala a m'maiko a mu Africa anasonyeza kuti malire amenewo ankaphonya anthu ambiri amene chiwindi chawo chinali chitauma kale. Ngati notsi zanu za kusukulu zidakali ndi 2, zikonzeni.

Koma APRI nayo muiwerenge mukudziwa dziko limene mukugwiramo ntchito. Malungo amatsitsa ma platelet. Likodzo la m'matumbo, lija limavuta m'mbali mwa nyanja ndi m'madambo a mpunga, limatupitsa kapamba n'kutsitsa ma platelet ngakhale maselo a chiwindi ali bwino. AST simachokera m'chiwindi mokha. Ili m'minofu, mumtima ndi m'maselo ofiira a magazi, moti magazi amene aphwanyikira m'botolo chifukwa chokokedwa movutikira kapena kukhalitsa pa benchi adzakupatsani AST yabodza. Munthu ali ndi malungo lero, musamuwerengere APRI lero. Muchizeni, abwerenso pakapita masabata angapo.

ALT ikakwera, musathamangirenso kunena kuti ndi kachilombo. Funsani za mowa, ndipo funsani mwaulemu, kunja kwa makutu a mkazi wake kapena apongozi, chifukwa kachasu munthu savomera pagulu. Mowa umakonda kukweza AST kuposa ALT, nthawi zambiri kuwirikiza kawiri. Funsani za mankhwala a TB: isoniazid, rifampicin ndi pyrazinamide onse amatha kuvulaza chiwindi. Funsani za zitsamba za kwa asing'anga ndi mabotolo aja ogulitsidwa m'misika amene amati amatsuka m'thupi. Funso limeneli musafunse monyoza. Munthu akaona kuti mukumuseka adzakana, ndipo adzapitiriza kumwa.

Za CRP ndi ESR sindinena zambiri. Pa matenda amenewa sizikuthandizani kudziwa amene ayenera kuyamba mankhwala. CRP imapangidwa ndi chiwindi chomwecho, choncho chiwindi chofooka chimatha kuipanga yochepa ngakhale munthu ali ndi matenda aakulu m'mimba. Mukafuna kudziwa ngati chiwindi chikugwirabe ntchito, yang'anani albumin, bilirubin ndi INR.

Kuyeza kuchuluka kwa kachilombo m'magazi, HBV DNA, n'kofunika ndithu: ikaposa 2,000 IU/mL pamodzi ndi ALT yopitirira malire, munthu ayenera mankhwala. Koma kumene kuyezaku kulibe musapinde manja. Malangizo a 2024 amalola kuyamba mankhwala chifukwa cha ALT yokwera mokhazikika, mutachotsapo zifukwa zina zija. Amalolanso kwa amene ali ndi HIV, matenda a shuga, kapena amene kubanja kwawo wina anadwalapo khansa ya chiwindi kapena chiwindi chouma. Funso lakuti "Kodi kwanu alipo amene anamwalira atatupa mimba?" silifuna makina alionse, koma ambiri salifunsa.

Mankhwala ake ndi tenofovir, piritsi limodzi patsiku, kapena entecavir. Ndi tenofovir yemweyo amene ali m'ma ARV amene anthu ambiri akumwa kuno, pamodzi ndi lamivudine ndi dolutegravir. Amagwira ntchito bwino kwambiri: m'miyezi ingapo ALT imatsika, kachilombo sikaonekanso pa makina, ndipo pakapita zaka zipsera zina zimatha kuchepa. Ngozi ili pomwepa. Wodwala akamva kuti magazi ake ali bwino amaganiza kuti wachira. Sanachire. Kachilombo kamasiya mbewu yake m'kati mwa maselo a chiwindi, kumene tenofovir safikako. Akasiya kumwa, kamachulukanso, chitetezo cha m'thupi chimabwerera mwaukali, ALT imatha kufika m'mazanamazana, ndipo amene chiwindi chake chinauma kale akhoza kumwalira m'masabata ochepa. Ndaona anyamata amphamvu akugonekedwa maso ali chikasu chifukwa choti mapiritsi anawathera ali kuganyu kutali, kapena wina anawauza kuti apemphereredwa basi. Zimenezi muuzeni munthu pa tsiku loyamba, asanameze piritsi loyamba, ndipo muzimubwerezera ulendo uliwonse.

Chenjezo lomweli likukhudza inuyo. Musanamuchotse munthu wa HIV pa tenofovir chifukwa cha impso, muyezeni HBsAg kuti mudziwe ngati alinso ndi hepatitis B. Mukamusiya pa lamivudine yekha, kachilombo ka hepatitis B kamazolowera mankhwalawo. Amene akumwa mapiritsi a PrEP ali ndi hepatitis B asasiye popanda kuonedwa. Ndipo yezani creatinine chaka chilichonse, chifukwa tenofovir amatha kutopetsa impso.

Hepatitis C ndi nkhani ina. Imachizika ndi sofosbuvir ndi daclatasvir m'masabata 12, ndipo oposa 95 mwa 100 amachira. Umboni wa kuchira ndi HCV RNA yoyezedwa masabata 12 atamaliza mankhwala, osati kutsika kwa ALT.

Chimene chimandisowetsa tulo ndi khansa ya chiwindi. Hepatitis B imatha kuibweretsa ngakhale chiwindi chisanaume, ndipo kuno imagwira anthu adakali ndi ana aang'ono. Chuku cha mtedza ndi chimanga chosauma bwino chimatulutsa poizoni wa aflatoxin, amene akakumana ndi kachilomboka m'chiwindi chimodzi ngozi imakula kwambiri. Muuzeni wodwala wanu kuti mtedza wowola, wowawa uja umene timakonda kusinja nsinjiro poopa kutaya, asaudye. Amene chiwindi chake chinauma aziunikidwa pa sikani miyezi 6 iliyonse, ngakhale ALT itakhala yokongola chotani.

Asanatuluke m'chipinda, mufunseni za abale ake. Katemera wa hepatitis B analowa m'ndondomeko ya kusikelo kuno ku Malawi mu 2002, choncho amene anabadwa chaka chimenecho chisanafike ambiri sanabayidwe. Mayi ake, abale ake a bere limodzi, mkazi kapena mwamuna wake ndi ana ake onse ayezedwe, ndipo amene alibe kachilombo alandire katemera. Akabwera nawo, afotokozereni pamaso pake kuti kachilomboka kamayenda m'magazi, pogonana ndi pobereka, osati podyera mbale imodzi, kuti akafika kunyumba asakayambe kumupatulira chikho chake.