Musanajambule QR Code, Yambani Mwafunsa

QR code ndi kachithunzi ka makona anayi kodzaza ndi timadontho takuda. Kanapangidwa mu 1994 ndi kampani ya Denso Wave ku Japan pofuna kuzindikira msanga zipangizo za galimoto m'fakitale. Lero WhatsApp, Telegram ndi Discord amakagwiritsa ntchito polowetsa munthu mu akaunti yake pa kompyuta popanda kulemba pasiwedi, ndipo akuba apezerapo mpata.

Mmene amabera

Mukatsegula WhatsApp pa kompyuta, pamatuluka code. Mukaijambula ndi foni kudzera pa Linked devices, mwavomereza kuti kompyutayo ndi yanu. Tsono wakuba amatsegula tsambalo pa kompyuta yake, n'kukutumizirani code yake ataiveka nyambo. Pa Discord amalonjeza Nitro yaulere. Kwina amati muvotere mnzanu pa mpikisano, kapena mutsimikize akaunti isanatsekedwe. Popeza code imatha mphamvu pakanthawi kochepa, amakuchititsani phuma. Mukangojambula n'kuvomera, mwamutsegulira chitseko ndi dzanja lanu.

Foni yanu imagwirabe ntchito bwinobwino, choncho simudziwa kuti muli ndi mlendo. Iye amawerenga mauthenga anu, kenako amalembera makolo, a kwaya kapena a Pathfinder m'dzina lanu, kupempha ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba. Amene amatumiza ndi amene amakukhulupirirani.

Phunziro la m'Baibulo

Pa Yoswa 9, Agibeoni anabwera ndi zovala zong'ambika ndi buledi wouma, ngati anthu ochokera kutali, chonsecho anali anansi. Aisraeli anayang'ana bulediyo, koma sanafunse kwa Yehova, ndipo anachita nawo pangano. Patatha masiku atatu, choonadi chinaululika lumbiro litachitika kale. Maso anaona zooneka ngati umboni, koma panasowa kufunsa. Akaunti yanu imanyamula dzina lanu ndi zinsinsi za anzanu, motero kuisamala ndi mbali ya ukapitawo.

Zoyenera kuchita

1. Code yolowera mu akaunti muzijambula yokhayo imene yatuluka pa kompyuta yanu, pa tsamba limene mwatsegula nokha.
2. Werengani uthenga umene foni yaonetsa musanavomere. Ngati ukunena za kulowa pa chipangizo china, lekani.
3. Sabata iliyonse onani pa Linked devices, ndipo tulutsani chipangizo chimene simukuchidziwa. Mukagwiritsa ntchito kompyuta ya mu laibulale, tulukani musananyamuke.
4. Pa Discord, mukakayika, sinthani pasiwedi kuti zipangizo zina zituluke.
5. Mnzanu akapempha ndalama pa meseji, muimbireni kaye mumve mawu ake.
6. Ngati akuberani, chenjezani magulu anu onse nthawi yomweyo. Manyazi amapatsa wakuba nthawi.

Mafunso okambirana

Kodi phuma limatilepheretsa bwanji kufunsa uphungu? Nanga achikulire a mumpingo mwanu amene angoyamba kugwiritsa ntchito WhatsApp mungawathandize bwanji sabata ino?